Ma ARV Sadabwere Okha

 Lero ndikufuna tisunge m'mutu zaka ziwiri izi: 1996 ndi 2004.

Mu 1996, pamsonkhano waukulu wa za Edzi mumzinda wa Vancouver ku Canada, akatswiri adalengeza kuti munthu akamamwa mankhwala a mitundu itatu nthawi imodzi, kachilombo ka HIV kamaleka kuswana ndipo thupi limabwereramo. Ku America ndi ku Ulaya anthu amene adali atatsanzikana kale ndi abale awo adadzuka n'kubwerera kuntchito. Kuno kwathu zaka zomwezo adzukulu sankapuma, ndipo akalipentala ambiri adaleka mipando n'kuyamba kukhoma mabokosi, poti msika udali kumeneko. Mankhwala aja adayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma ku Malawi ndi ku South Africa mu 2004. Zaka 8 zathunthu, mankhwala alipo, ife tikuika maliro. Amene adatseka njira pa zaka zimenezo adali anthu, a maina ndi maudindo awo, ndipo amene adaitsegula adalinso anthu. Tiyeni tipite ku South Africa, kumene nkhondo imeneyi idamenyedwa poyera.

Pa 10 Disembala 1998 kagulu ka anthu ochepa kadasonkhana pamasitepe a tchalitchi cha St George's ku Cape Town. Adasala kudya tsiku limenelo, n'kumasainitsa anthu odutsa kalata yopempha boma kuti lizipereka mankhwala a AZT kwa amayi oyembekezera. Uko ndiko kubadwa kwa bungwe la Treatment Action Campaign, limene ambiri amangoti TAC. Mmodzi mwa oyambitsa, a Zackie Achmat, adali atalowapo m'ndende kangapo akadali mnyamata chifukwa cholimbana ndi boma la tsankho. Adali wa chipani cha ANC, ndipo adali ndi kachilombo. Mwezi womwewo ku KwaMashu, pafupi ndi Durban, mayi Gugu Dlamini adaphedwa ndi anthu a m'dera lawo lomwe chifukwa choulula pawailesi kuti ali ndi HIV. A TAC adasindikiza malaya olembedwa pachifuwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti wovalayo ali ndi kachilombo. Ankavala aliyense, wokhala nako ndi wopanda yemwe, mpaka wofuna kuloza chala adasowa poyambira.

Mdani woyamba adali mtengo. Masiku amenewo mankhwala a munthu mmodzi pachaka ankadya madola oposa 10,000. Mu 1997 boma la a Nelson Mandela lidakhazikitsa lamulo lolola dziko kukagula mankhwala kumene akutchipa, ndipo makampani 39 opanga mankhwala adalisumira kukhoti, ati likuwalanda umwini wa zimene adatulukira. Pamlandu umenewu TAC idaima mbali ya boma. Idalowa m'khoti ndi umboni wa odwala, idadzaza misewu ya Pretoria, ndipo anzawo a m'maiko ena adakachita zionetsero pamaofesi a makampaniwo. Mu Epulo 2001 makampani aja adauthawa mlandu, manyazi atawagwira. Chaka cham'mbuyo mwake a Achmat adali atapita ku Thailand n'kubwerako ndi mapiritsi a fluconazole, othandiza zilonda za m'kamwa ndi kummero komanso matenda oumitsa khosi amene ankatha odwala Edzi. Ku Thailand m'bulu umodzi sunkakwana ma randi 2, pamene ku South Africa wa kampani ya Pfizer unkagulitsidwa ma randi oposa 80 m'sitolo za mankhwala. Adaphwanya lamulo dala, n'kuitana atolankhani kuti adzaone. Ndiye mu Febuluwale 2001 kampani ya ku India ya Cipla idalengeza kuti ikhoza kugulitsa mankhwala atatu aja pa madola 350 pachaka, kusakwana dola imodzi patsiku. Mawu akuti "n'zodula" adayamba kuchepa mphamvu.

Amene ankayesa kuti mlandu ukatha mankhwala afika mawa lake adagwa mphwayi. Nduna ya zaumoyo idanena poyera kuti boma silikuganiza zoyamba kugawa ma ARV. Apa TAC idazindikira kuti mdani wachiwiri ali m'nyumba.

A Thabo Mbeki, amene adalowa m'malo mwa a Mandela mu 1999, sadali mbuli ayi. Adali munthu wowerenga usiku wonse, ndipo pa intaneti adakumana ndi zolemba za kagulu ka akatswiri okana kuti HIV ndi imene imayambitsa Edzi, mtsogoleri wake a Peter Duesberg a ku California. Chaka chomwe adakhala mtsogoleri wa dziko adauza aphungu kuti AZT akhoza kukhala chiphe. Mu 2000 adakhazikitsa komiti yowalangiza pa za Edzi, n'kukhazikamo anthu okana aja pamodzi ndi madokotala amene ankaona odwala tsiku ndi tsiku, ngati kuti mbali ziwirizi n'zolemera mofanana. A Mbeki ankati vuto lenileni la Africa ndi umphawi ndi njala.

Adalakwa, ndipo sindikuwachotsera mlandu. Komabe kukayikira kwawo sikudamere pathanthwe. Mu 1998 dziko lonse lidamva umboni wakuti boma la azungu lidali ndi ntchito yachinsinsi ya mankhwala ankhondo, yotsogozedwa ndi dokotala Wouter Basson, imene idafufuzaponso njira yoletsa anthu akuda kubereka. A Mbeki ankanyansidwa ndi momwe azungu ena ankakambira za Edzi, ngati kuti munthu wakuda sadziwa kudzigwira. Ife Amalawi tidalawako zimenezo. Pakati pa 1988 ndi 1992 amuna athu pafupifupi 13,000 adabwezedwa kuchokera kumigodi ya ku Joni, chifukwa chimene chidaperekedwa n'chakuti pafupifupi 200 mwa iwo adapezeka ndi kachilombo. Eni migodi adafuna kuti aliyense ayezedwe asadanyamuke, boma la a Kamuzu Banda lidakana, ndipo ulendo wa ku Theba udathera pomwepo. Kotero munthu wonena kuti Edzi idagwiritsidwapo ntchito ngati ndodo yomenyera anthu akuda sankanama. Kungoti mbiri yowawa siisintha zimene kachilombo kamachita m'magazi.

Mu Julayi 2000 msonkhano wa Edzi wa dziko lonse lapansi udachitikira ku Durban, koyamba mu Africa muno. A Mbeki potsegulira adakamba za umphawi. Pa nsanja yomweyo padaimanso kamnyamata ka zaka 11, Nkosi Johnson, kobadwa ndi kachilombo, kowonda m'suti yakuda, ndipo kadapempha boma kuti lizipereka AZT kwa amayi oyembekezera. Woweruza milandu wina, a Edwin Cameron, adauza msonkhanowo kuti iwo ali moyo chifukwa malipiro awo akukwanitsa kugula mankhwala, pamene osauka akufa ndi matenda omwewo. Nkosi adamwalira pa 1 Juni 2001.

Nduna ya zaumoyo ija, mayi Manto Tshabalala-Msimang, adali dokotala. Dokotala ameneyu ndiye ankalimbikitsa odwala kudya adyo, mandimu ndi bitiruti, uku akuwaopseza kuti ma ARV amawononga thupi. Chakudya chabwino palibe angachitsutse. Koma kuuza mayi amene chitetezo cha m'thupi mwake chatheratu kuti akatafune adyo ndi nkhanza, ngakhale zitanenedwa ndi mawu aulemu.

Nkhondo idafika pachimake pa nevirapine. Mankhwala amenewa, mayi akamwa m'bulu umodzi matenda atayamba, mwananso n'kupatsidwa madontho atangobadwa, ankachepetsa pafupifupi ndi theka mpata woti mwana atenge kachilombo. Kampani yopanga idalonjeza kupereka mwaulere kwa zaka zisanu. Boma lidangolola malo 18 okha m'dziko lonse, awiri m'chigawo chilichonse, ati likuchita kaye kafukufuku. Dokotala wa chipatala china chilichonse cha boma ankangoyang'ana mayi akubereka, mankhwala akuwadziwa, koma manja atamangidwa. TAC idasuma, idapambana kubwalo lalikulu mu Disembala 2001, boma lidachita apilo, ndipo pa 5 Julayi 2002 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti boma laphwanya ufulu wa anthu wolandira chithandizo cha zaumoyo, umene uli mu gawo 27 la malamulowo.

Anthu akamakamba za TAC amathamangira kutchula makhoti ndi zionetsero. Ine ndikuona kuti mphamvu yake yeniyeni idali m'makalasi. Ambiri mwa mamembala ake adali amayi osauka a m'makomboni ngati Khayelitsha ndi m'midzi ngati ya ku Lusikisiki, osagwira ntchito, ambiri atamva za kachilombo kawo kusikelo. Amayi amenewa ankakhala pansi m'maholo ndi m'matchalitchi n'kumaphunzitsana: kachilombo kamalowa bwanji m'maselo a thupi, nambala ya CD4 ikutanthauzanji, mankhwala akutiakuti amagwira ntchito pati, zovuta zake ndi ziti, ukadumphitsa kumwa chimachitika n'chiyani. Maina ovuta a mankhwala adawalowetsa m'nyimbo zimene kale ankaimba polimbana ndi boma la tsankho, mpaka gogo wosadziwa kulemba ankawatchula osaphonya. Tsono nduna ikanena pawailesi kuti mankhwalawa ndi chiphe, mayi wa ku Khayelitsha ankatha kuyankha kuti ayi, ine ndikumwa, nambala yanga idali apa, lero ili apa, mwana wanga ndi uyu. Munthu wotero simungamuopseze ndi Chingerezi.

Ndipo ndi amayi omwewa amene adasandutsa chigamulo cha khoti kukhala mankhwala enieni. Chigamulo ndi pepala. Chimagwira ntchito ngati pachipatala pafika munthu wodziwa chimene ayenera kulandira, wokana kubwerera chimanjamanja. M'chigawo cha Mpumalanga akuluakulu adazengereza kutsata chigamulo chija mpaka TAC idabwereranso kukhoti, ndipo amene ankabweretsa umboni wa zimene zikuchitika m'zipatala adali mamembala wamba.

Padalinso bodza lina lofunika kuligwetsa. Mu 2001 mkulu wa bungwe la America lothandiza maiko, a Andrew Natsios, adanena kuti ma ARV sangayende mu Africa chifukwa anthu ambiri sadziwa za wotchi, ndiye sangasunge nthawi yomwera. Chaka chomwecho madokotala a Médecins Sans Frontières adayamba kupereka ma ARV ku Khayelitsha, komanso kwathu kuno ku Chiradzulu. Odwala osauka adamwa mankhwala mokhulupirika osasiyana ndi a ku Ulaya.

Chaka cha 2003 ndicho chidali chowawa kwambiri, chifukwa mamembala ambiri a TAC adali ovotera ANC, chipani chimene chidawamasula. Kuchiukira kudali ngati kusumira bambo wako wokubereka. Koma mu Malichi chaka chimenecho adapita kumapolisi kukasumira nduna ya zaumoyo ndi nduna ya zamalonda, a Alec Erwin, mlandu wopha anthu mosasamala, ponena kuti anthu 600 akufa tsiku lililonse. Adakhala pansi m'mapolisimo kuti ngati nduna sizimangidwa, amangidwe iwo. Ngakhale mgwirizano wa mabungwe a anthu apantchito wa COSATU, umene unkayenda nawo pazionetsero, apa udabwerera m'mbuyo. A Achmat adali atalumbira kuti sadzamwa ma ARV mpaka osauka atayamba kulandira m'zipatala za boma, ndipo thupi lidali likutha. Chaka cham'mbuyo mwake, mu 2002, a Mandela adapita kukawaona kunyumba, kenaka adavala malaya a TAC aja pamaso pa atolankhani ku Khayelitsha. Chisankho cha 2004 chidali pafupi. Mu Ogasiti 2003 nduna za boma zidalamula kuti pakonzedwe ndondomeko yogawa ma ARV, mu Novembala idavomerezedwa, ndipo mankhwala adayamba kutuluka mu Epulo 2004, mwezi wa chisankho. Wina aliyense adziwerengere yekha.

Ngakhale pamenepo nduna ya zaumoyo ija idapitiriza kukoka miyendo, ndipo mu 2006 ku Toronto malo oonetsera a dziko la South Africa adayalidwa adyo, mandimu ndi bitiruti. Zinthu zidasinthiratu a Mbeki atatula pansi udindo mu Seputembala 2008. Chaka chimenecho ofufuza a pa yunivesite ya Harvard adawerengera kuti kuchedwa kwa boma pakati pa 2000 ndi 2005 kudatayitsa miyoyo yoposa 330,000, ndipo ana 35,000 adabadwa ndi kachilombo pamene akadatha kupulumuka. Lero dziko lomwelo ndilo likupereka ma ARV kwa anthu ambiri kuposa dziko lina lililonse.

Kuti muone kuti kuchedwaku sikudali kolembedwa kumwamba, yang'anani ku Brazil. Kumeneko anthu amene adalimbana ndi ulamuliro wa asilikali adaonetsetsa kuti malamulo a dziko a 1988 anene kuti umoyo ndi ufulu wa munthu aliyense, ndipo ambiri mwa iwo adalowa ntchito mu unduna wa zaumoyo momwemo. Mu 1996, chaka cha Vancouver chomwecho, Brazil idakhazikitsa lamulo lopereka ma ARV mwaulere, n'kuyamba kupanga ena m'mafakitale a boma.

Nanga ife? Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi ku Malawi adadziwika mu 1985, nthawi ya chipani chimodzi, wailesi imodzi, ndi lamulo lokhwima pa zimene munthu angakambe pagulu. M'dziko limene ngakhale za kulera zidali zoletsedwa mpaka 1982, ndani akadaima pamsewu ndi chikwangwani? Ku Zambia a Kenneth Kaunda adauza dziko mu 1987 kuti mwana wawo wamwamuna adamwalira ndi Edzi. Kwathu mawu otere kuchokera kwa mtsogoleri wa dziko adadikira mpaka Febuluwale 2004, pamene a Bakili Muluzi, pokhazikitsa ndondomeko ya dziko ya za Edzi, adanena kuti mchimwene wawo adapita ndi matenda omwewa. Pakatipo anthu adadzifunira okha njira. Mu 1995 chinamtindi cha anthu chidakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe. Ine sindiwaseka anthu amenewo. Kuchipatala ankangouzidwa kuti bwererani kunyumba muzikadya bwino, ndipo ma ARV atayamba kupezeka ku Blantyre ndi ku Lilongwe ankalipitsa K2,500 pamwezi, ndalama imene mlimi wamba sankaigwira.

Ma ARV aulere adabwera mu 2004 ndi ndalama za Global Fund, thumba limene lidakhazikitsidwa mu 2002 chifukwa cha phokoso lomwe lija la ku Durban ndi kwina. Apa tiyamikire akatswiri athu. Poona kuchepa kwa madokotala, adakonza njira yosavuta: mtundu umodzi wa mankhwala kwa pafupifupi aliyense, woperekedwa ndi anamwino ndi madokotala aang'ono mpaka kuzipatala za kumidzi. Mu 2011 Malawi idakhala dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo pa ma ARV a moyo wonse, osadikira kuyeza CD4, ndipo maiko ena adatengera kwa ife.

Amalawi okhala ndi kachilombo nawonso sadangokhala chete. Bungwe la NAPHAM lidayamba mu 1993, nthawi imene kuulula kudali kudziika pamoto. Mankhwala oyamba aja adali ndi stavudine, amene ankaphwetsa masaya, kuwondetsa miyendo, kuunjika mafuta pamimba ndi pakhosi, ndi kuchititsa dzanzi kumapazi, moti mayi ankadziwika ndi maonekedwe asadatsegule pakamwa. Amayi adasonkhana, adakafika kwa mtsogoleri wa dziko mayi Joyce Banda, ndipo mu 2013 boma lidayamba kusinthira anthu onse ku mankhwala a tenofovir. Mu Novembala 2017, aphungu akukambirana lamulo la za HIV ndi Edzi, amayi okhala ndi kachilombo adakakhala ku Nyumba ya Malamulo mpaka ndime zokakamiza anthu ena kuyezetsa ndi zomanga munthu chifukwa chopatsira mnzake zidachotsedwa. Adauza aphungu kuti woyamba kuyezedwa m'banja ndi mayi, kusikelo, ndiye woyamba kumangidwa adzakhalanso mayi.

Koma pali nkhondo imodzi imene sitidamenyepo, ya ndalama. Ku South Africa boma limagula ma ARV ambiri ndi misonkho ya anthu ake, chifukwa lidakakamizidwa kutero ndipo likudziwa kuti likaleka misewu idzadzaza. Kwathu, kumene anthu pafupifupi 1 miliyoni ali ndi kachilombo, pafupifupi botolo lililonse limagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa adalonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri ife sitifikapo. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mu Januwale 2025 a Donald Trump atalamula kuti thandizo la America kumaiko ena liime kaye, tidaona tokha: ogwira ntchito m'zipatala amene ankalipidwa ndi mabungwe, oyeza magazi ndi olemba kaundula wa odwala, adauzidwa kuti akhale kunyumba. Thandizo la America la PEPFAR lidayamba mu 2003 ndi ndale za ku Washington, ndipo ndale za ku Washington zomwezo ndizo zidaligwedeza. Pamsonkhano wa ndale kwanuko, mudamvapo munthu akufunsa wofuna uphungu kuti ma ARV adzagulidwa ndi ndalama ziti?

Ndisakusiyeni ndi chithunzi chakuti gulu lililonse la anthu wamba likadzuka limabweretsa zabwino. Ku South Africa komweko kwadzuka gulu la Operation Dudula, nalonso la anthu a m'makomboni, nalonso lodandaula za mizere italiitali ndi kusowa kwa mankhwala. Ilo yankho lake ndi kuima pazipata za zipatala, kufunsa ziphaso, ndi kubweza obwera. Pakati pa obwezedwawo pali Amalawi, Azimbabwe ndi a ku Mozambique amene akumwa ma ARV, ndipo ena afika podalira abale kuno kumudzi kuti awatumizire mabotolo pa basi. Munthu akadumphitsa mankhwala kachilombo kamadzukanso, ndipo sikafunsa chiphaso posamukira kwa wina. A TAC, amene masiku ano amayendera zipatala n'kumalemba maola amene odwala adikira ndi mankhwala amene asowa, akutsutsana nalo gulu limeneli poyera. Chida chawo ndi gawo 27 lomwe lija lidapambanitsa mlandu wa nevirapine, chifukwa limanena za munthu aliyense, osati nzika zokha.